Kuphunzitsa kagalu pakhomo

Kuphunzitsa kagalu ndi ntchito youmba khalidwe la mwana wa galu m'miyezi yake yoyamba, kuti akakula azikhala bwino ndi anthu, ziweto ndiponso agalu anzake. Anthu ambiri akamva za kuphunzitsa galu amaganiza zomulamula kuti akhale pansi kapena agone. Imeneyo ndi mbali yaing'ono chabe. Chachikulu n'chakuti kagalu kadziwe malo ochitira chimbudzi, kaleke kuluma manja a anthu, kazibwera kakaitanidwa, kazitha kukhala kokha osalira usiku wonse, ndipo kasamaope zinthu zimene kazikumana nazo tsiku ndi tsiku. Kagalu kamaphunzira nthawi yonse imene kali maso, kaya mwini wake akufuna kapena ayi. Udindo wa mwiniyo ndi kuona kuti kakuphunzira chiyani, ndiponso mwa njira yotani.

Momwe kagalu kamakulira

Galu amakhala ndi bere pafupifupi masiku 63. Ana ake amabadwa osaona ndi osamva. Maso amatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo makutu amatsatira pasanapite nthawi. Pofika sabata yachitatu tiagalu timayamba kuyenda, kusewera ndi kulawa chakudya.

Zambiri zomwe zikudziwika pa nyengo imeneyi zinachokera ku kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller, amene anaweta agalu a mitundu 5 kwa zaka zoposa 10 ku Jackson Laboratory, m'tauni ya Bar Harbor ku America. Umodzi mwa mitunduyo unali basenji, galu wochokera m'chigawo chapakati cha Africa. Buku lawo linatuluka mu 1965. Iwo anapeza kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 kagalu kamalandira mosavuta chilichonse chatsopano, kaya ndi munthu, mbuzi, njinga kapena phokoso. Nyengoyi ikatha, mantha amayamba kuposa chidwi, ndipo chinthu chachilendo chimakhala choopsa kwa iko. Kafukufuku wina wa pamalo omwewo, wofalitsidwa mu 1961, anasonyeza kuti tiagalu tomwe tinafika masabata 14 tisanagwidwepo ndi munthu tinakhalabe tothawa anthu, ndipo kutiweta pambuyo pake kunali kovuta kwambiri. Mmera mpoyamba: zomwe zaphonyeka m'masabata amenewa zimatenga miyezi kuti zikonzeke, ndipo zina sizikonzeka kwenikweni.

Pa chifukwa chomwechi, kagalu kayenera kukhala ndi mayi ake ndi abale ake mpaka masabata 8. Kumeneko n'kumene kamaphunzira kuchepetsa mphamvu ya mano. Kakaluma mnzake mopitirira, mnzakeyo amalira n'kuchoka, masewera n'kuthera pomwepo, ndipo kamazindikira kuti kuluma kwambiri kumathetsa chisangalalo. Tiagalu togulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre nthawi zambiri timakhala totengedwa msanga, tisanamalize kuyamwa, tilibe katemera, ndipo tatha tsiku lonse padzuwa. Wogula kagalu kotere amayamba ntchito yake ali kale m'mbuyo.

Momwe galu amaphunzirira

Pali njira ziwiri zimene ubongo wa galu umagwirira phunziro, ndipo zonse zinayamba kufufuzidwa zaka zoposa 100 zapitazo.

Yoyamba ndi kulumikiza zinthu ziwiri zochitika motsatizana. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha ntchito yake pa kugaya chakudya m'mimba, anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha dovu akangomva kaphokoso komwe kankatsogolera chakudya, chakudyacho chisanaoneke. Pakhomo zimenezi zimaoneka tsiku lililonse. Kagalu kakamva chivundikiro cha poto chikugogoda kamathamangira kukhitchini. Kakamva geti likutsegulidwa madzulo kamadziwa kuti mwini wake wafika. Njira yomweyi ndi imene imabzala mantha: kagalu komwe kanagendedwa ndi ana a sukulu kamayamba kunjenjemera kakangoona yunifolomu.

Yachiwiri ndi kuphunzira kuchokera ku zotsatira. Edward Thorndike mu 1898, kenako B. F. Skinner m'buku lake la mu 1938, anasonyeza kuti nyama imabwereza mchitidwe umene waibweretsera chabwino, ndipo imasiya umene sunaipindulire kanthu. Kagalu kakadumphira mlendo ndipo mlendoyo n'kukasisita, kaphunzira kuti kudumpha kumalipira. Skinner anapezanso kuti mchitidwe wolipidwa mwa apo ndi apo ndi umene umavuta kwambiri kuuthetsa. N'chifukwa chake kagalu komwe kamaponyeredwa mbamu ya nsima kamodzikamodzi pa nthawi ya chakudya kamakakamira pamphasa kuposa komwe sikanapatsidwepo. Lamulo la pakhomo liyenera kukhala limodzi kwa onse, kuyambira agogo mpaka mwana wamng'ono, chifukwa munthu mmodzi wophwanya lamulolo amakwanira kufafaniza ntchito ya anzake onse.

Pa zonsezi nthawi ndiyo imalamulira. Galu amalumikiza mphotho kapena chilango ndi chimene wachita m'sekondi imodzi kapena ziwiri zapitazo. Munthu akabwera kuchokera ku ntchito n'kupeza nsapato yotafunidwa m'mawa, kukalipa kwake sikulumikizidwa ndi nsapatoyo. Kagalu kamangophunzira kuti kufika kwa mwini wake kumabwera ndi ukali. Ambiri amatsutsa mfundoyi ponena kuti galu amaoneka wamanyazi, makutu pansi, mchira m'miyendo, kusonyeza kuti akudziwa kulakwa kwake. Alexandra Horowitz anayesa zimenezi ku New York mu 2009. Anauza eni agalu ena kuti agalu awo adya chakudya choletsedwa pomwe sanadye, ndipo ena anawauza zosiyana. Nkhope yamanyaziyo inkaoneka kwambiri galu akakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye. Ndi nkhope yopepesa munthu wokwiya, yomwe galu amaonetsa kuti ukaliwo uthe.

Mbiri ya njira zophunzitsira

Galu anachokera ku mimbulu ya ku Ulaya ndi Asia, ndipo wakhala ndi anthu zaka zosachepera 14,000. Kwa nthawi yaitali galu wosaka kapena woweta nkhosa ankaphunzira poyenda ndi agalu akuluakulu. Kuphunzitsa kotsata ndondomeko yolembedwa kunayamba ndi apolisi ndi asilikali. Konrad Most wa ku Germany analemba buku lophunzitsira agalu apolisi mu 1910, ndipo njira yake inkasakaniza kunyengerera ndi kukakamiza. Asilikali ambiri omwe anagwira ntchito ndi agalu pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu anatengera njirazi kwa anthu wamba. Buku la William Koehler la mu 1962 linafalitsa kukoka galu mwamphamvu ndi tcheni cha m'khosi. Popeza kagalu kakang'ono sikangapirire zotere, ophunzitsa ambiri a nthawiyo ankalangiza kudikira mpaka galu atakwanitsa miyezi 6, pomwe nyengo yabwino koposa inali itadutsa kale.

Njira zokakamizazi zinapeza mphamvu ku ganizo lakuti agalu, monga mimbulu, amalimbirana ufumu, choncho munthu ayenera kugonjetsa galu wake. Ganizoli linachokera ku zomwe Rudolf Schenkel analemba mu 1947 ataonerera mimbulu yosungidwa kumalo oonetsera nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland. David Mech analifalitsa m'buku lake la mu 1970. Koma Mech yemweyo, atakhala zaka zambiri akuonerera mimbulu yam'tchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe: bambo, mayi ndi ana awo. Ndewu zomwe Schenkel anaona zinali za nyama zosadziwana zotsekeredwa malo amodzi.

M'zaka za m'ma 1980 zinthu zinayamba kusintha. Ian Dunbar, dokotala wa ziweto, anatsegula makalasi a tiagalu tating'ono ku California mu 1982, pogwiritsa ntchito chakudya ndi masewera. Karen Pryor, yemwe anaphunzitsapo nyama zam'nyanja ku Hawaii, zomwe munthu sangazimange chingwe kapena kuzimenya, analemba mu 1984 buku lofotokozera anthu wamba mfundo za Skinner. Komabe ganizo logonjetsa galu silinathe. Pulogalamu ya pa TV ya Cesar Millan, yomwe inayamba mu 2004, inalitsitsimutsa m'mayiko ambiri.

Mphotho kapena chilango

Ophunzitsa agalu lero ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu lina limagwiritsa ntchito mphotho, ndipo kagalu kakalakwitsa amangokachotsera chomwe kakufuna, monga masewera kapena chidwi cha munthu. Gulu lina limati mphotho payokha siikwana, maka kwa agalu amphamvu kapena othamangitsa ziweto, choncho limawonjezera kukoka tcheni, kukalipa kapena malamba a m'khosi amagetsi.

Palibe amene amakana kuti chilango chimaletsa mchitidwe pa nthawiyo. Mkangano uli pa mtengo wake. Kafukufuku wa ku Porto, m'dziko la Portugal, wofalitsidwa mu 2020, anayerekeza agalu 92 ochokera m'masukulu osiyanasiyana. Agalu a m'masukulu ogwiritsa ntchito chilango ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, monga kunyambita milomo, kuyasamula ndi kunyonyomala, ndipo m'malovu mwawo munkapezeka mlingo wokwera wa cortisol, chinthu chomwe thupi limatulutsa likapanikizika. Bungwe la madokotala a khalidwe la nyama la ku America, AVSAB, linanena mu 2021 kuti njira za mphotho ndizo ziyenera kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa agalu onse. Dziko la Wales linaletsa malamba amagetsi mu 2010. A gulu lachiwiri amayankha kuti kafukufuku wambiri amadalira mayankho a eni agalu, ndipo n'kutheka kuti agalu ovuta kale ndiwo amalangidwa kwambiri. Yankholi lili ndi mfundo pa agalu akuluakulu amene anazolowera kale zoipa. Pa kagalu ka masabata 10 lilibe mphamvu, chifukwa palibe chomwe kagalu kotere kangafunike kuphunzira chimene mphotho singakaphunzitse.

Vuto lina la chilango n'lakuti chimauza kagalu choti kasachite popanda kukasonyeza choti kachite. Choopsa kwambiri ndi kumenya galu chifukwa chodzuma kapena kuonetsa mano. Kudzuma ndi chenjezo. Galu wolangidwa chifukwa chochenjeza amasiya kuchenjezako, mantha ake ali pomwepo, ndipo tsiku lina amaluma popanda chizindikiro.

Chimbudzi ndi mkodzo

Kagalu kakang'ono sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali. Muyeso womwe ophunzitsa amagwiritsa ntchito ndi wakuti maola amene kangapirire masana amafanana ndi miyezi yake, kuwonjezerapo limodzi: ka miyezi 2 kangafike maola 3, ndipo kawirikawiri sikafikako. Nthawi zomwe kamafuna kudzithandiza zimadziwika: kakangodzuka, kakatha kudya kapena kumwa, ndi pakati pa masewera. Kamayamba kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira, n'kupita pakona. Pamenepo kayenera kunyamulidwa kupita pamalo amodzi osankhidwa, kutali ndi khonde, chitsime ndi posewerera ana. Kakamaliza, kayamikiridwe pomwepo, kasanasunthe.

Kukhudzitsa mphuno ya kagalu pa mkodzo wake ndi mchitidwe wofala koma wopanda phindu. Kagalu kamaphunzira kuti kukodza munthu akuona n'koopsa, motero kamayamba kubisala kuseri kwa mpando, ndipo panja kamakana kudzithandiza mwini wake ali pafupi. Pamalo pomwe kaipitsa pafunika kutsukidwa bwino, chifukwa fungo lotsala limakaitaniranso pomwepo. Tiagalu tambiri timazolowera pofika miyezi 4 mpaka 6. Kagalu komwe kanazolowera kale n'kuyambanso kukodza pafupipafupi kakhoza kukhala ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Kuluma ndi kutafuna

Kagalu kali ndi mano oyamba 28, akuthwa kwambiri. Amayamba kuguluka pa miyezi 3 kapena 4, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera mano 42 a galu wamkulu. Pa nthawi imeneyi nkhama zimayabwa, ndipo kutafuna n'kosapeweka. Chofunika ndi kukapatsa zake zotafuna, monga chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo, ndi kuchotsa pansi nsapato, matchaja a foni ndi mankhwala a makoswe. Kukapatsa nsapato yakutha n'kulakwitsa, popeza sikasiyanitsa yakutha ndi yatsopano. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka ndipo angabaye matumbo.

Mano akakhudza khungu la munthu, masewera aime nthawi yomweyo: munthuyo abweze manja, atembenuke, adikire kanthawi, kenako apereke chotafuna. Ana amavutika kwambiri apa, chifukwa akalumidwa amathawa akukuwa, ndipo kwa kagalu amenewo ndi masewera okoma koposa. Ana aphunzitsidwe kuima chilili manja atapinda pachifuwa, komanso kusasokoneza kagalu kakamadya kapena kakagona. Kagalu kamagona maola 18 mpaka 20 patsiku, ndipo komwe kakusowa tulo kamaluma kwambiri.

Kukhala pansi, kubwera ndi kuyenda pachingwe

Phunziro lililonse likhale la mphindi 3 mpaka 5, kangapo patsiku, makamaka chakudya chisanaperekedwe. Mphotho ikhale kachidutswa kakang'ono ngati njere ya chimanga: chiwindi chophika, kausipa kouma, kapena gawo la chakudya chake cha tsikulo. Pophunzitsa kukhala pansi, kachidutswako kamaikidwa pafupi ndi mphuno n'kukwezedwa pang'onopang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu. Mutu ukamatsatira m'mwamba, matako amatsika okha. Akangokhudza pansi, munthu amanena mawu amodzi oyamikira n'kupereka mphotho. Mawu olamula amawonjezedwa kagalu kakayamba kuchita zimenezi mosavuta. Galu sasankha chilankhulo. "Khala" ndi "bwera" amagwira ntchito mofanana ndi mawu a Chingerezi, bola asasinthesinthe. Kagalu kakadziwa, mphotho ya chakudya imachepetsedwa n'kusinthana ndi kusisita kapena masewera.

Kubwera poitanidwa ndi phunziro lomwe lingapulumutse moyo wa galu pamsewu. Lamulo lake n'lakuti kubwera kuzikhala ndi zabwino nthawi zonse. Kuitana kagalu kuti kamenyedwe, kapena kukaitana pokhapokha pofuna kukatsekera, kumaphunzitsa kuthawa. Pachingwe, kagalu kakakoka munthu aime, ndipo ulendo upitirire chingwe chikakhwepa.

Galu wolondera

Makomo ambiri kuno amaweta galu kuti azilondera, ndipo pali chikhulupiriro chakuti galu wozolowera anthu sangaopseze wakuba. N'chifukwa chake ena amatsekera kagalu m'khola lamdima usana wonse, kukamanga pa tcheni, kukamana chakudya, kapena kukathirira tsabola ndi chamba m'chakudya kuti kakhale kolusa. Chomwe chimatuluka ndi galu wamantha amene sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba wobwera kudzatenga mpira. Chamba ndi poizoni kwa galu, ndipo tsabola amangopweteka m'mimba. Kuuwa mlendo akafika pamalo ake ndi chibadwa chomwe chimaonekera chokha galu akamakhwima. Galu amene anaona anthu ambiri ali wamng'ono amadziwa zachizolowezi, choncho amazindikira msanga chachilendo, monga munthu wokwera mpanda usiku, ndipo mwini wake akamuletsa amamva.

Nkhuku ndi mbuzi zimafuna njira yomweyo. Kagalu kayendetsedwe pachingwe pafupi nazo kali kakang'ono, kazilandira mphotho kakaziyang'ana n'kukhala phee, ndipo kasapeze mpata wozithamangitsa, chifukwa kuthamangitsako kumakoma pakokha. Kuika dzira lotentha m'kamwa mwa galu wakuba mazira kumamuwotcha popanda kuchotsa njala yomwe imamutuma. Kutseka chikwere ndi kumudyetsa mokwanira kumathetsa vutolo.

Katemera ndi kutuluka panja

Apa pali kusiyana maganizo kwenikweni. Katemera wa parvo ndi distemper amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa mpaka masabata 16. Nyengo yozolowera zinthu imatha katemerayu asanamalizidwe. Madokotala ena amalangiza kusunga kagalu pakhomo mpaka jekeseni womaliza, popeza kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo kamapha tiagalu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Bungwe la AVSAB linanena mu 2008 kuti kuzolowetsa kuyambe pa masabata 7 kapena 8, patatha masiku 7 kuchokera pa katemera woyamba, chifukwa agalu ambiri amatayidwa kapena kuphedwa kaamba ka khalidwe loipa. M'madera momwe agalu ambiri oyendayenda alibe katemera, njira yanzeru ili pakati: kagalu kanyamulidwe m'manja kukaona msewu, njinga zamoto ndi msika, alendo a misinkhu yosiyanasiyana aitanidwe pakhomo, ndipo kazisewera ndi agalu okhawo odziwika kuti anabayidwa. Kagalu kasakakamizidwe kuyandikira chomwe kakuopa; kayambe kuchiona patali.

Zina zomwe sizinagwirizanidwe

Ku America ambiri amagoneka kagalu m'kabokosi kotseka, ponena kuti galu sakonda kuipitsa pogona pake, motero amaphunzira msanga kudziletsa. Ku Sweden lamulo limaletsa kutsekera galu m'kabokosi kotere kupatula pa zifukwa zochepa monga ulendo. Onse amavomereza kuti kagalu kamafuna malo akeake ogona, ouma ndi amthunzi, ndipo kazolowere kukhala kokha pang'onopang'ono, kuyambira mphindi zochepa.

Za mtundu wa galu, kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 2022 anapeza kuti mtundu umafotokoza magawo 9 okha pa 100 a kusiyana kwa khalidwe pakati pa agalu. Oweta agalu a ntchito amatsutsa kuti chiwerengerochi chimachepetsa mphamvu ya magazi, ndipo n'zoona kuti mantha ndi chidwi chosaka zimatengera makolo. Chodziwika n'chakuti galu wachikuda amaphunzira mwa njira yomweyo ngati German Shepherd.

Pakati pa miyezi 6 ndi 12 galu amalowa unyamata ndipo amaoneka ngati waiwala zonse. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2020 anapeza kuti agalu a miyezi 8 ankanyalanyaza lamulo la owasamalira kuposa pomwe anali ndi miyezi 5, ndipo kusamverako kunkatha akamakula. Mankhwala ake ndi kubwerera ku maphunziro oyamba modekha.

Chiwewe

Maphunziro onsewa sachotsa kufunika kwa katemera wa chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo ku Africa ndi Asia, ndipo 40 pa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Kubaya agalu 70 pa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwa matendawa, ndipo ndi chimene bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita ku Blantyre kuyambira mu 2015. Kagalu kamabayidwa kakakwanitsa miyezi 3, ndipo pa makampeni a katemera ngakhale tocheperapo timalandiridwa. Kagalu kozolowera kugwidwa makutu, miyendo ndi khosi sikavuta pamzere wa katemera.

Kuluma kwa masewera n'kosiyana ndi kusintha kwadzidzidzi kwa khalidwe. Kagalu komwe kayamba kulusa popanda chifukwa, kuchucha dovu, kulephera kumeza kapena kufooka miyendo katsekeredwe, kasagwidwe ndi manja, ndipo dokotala kapena mlangizi wa ziweto adziwitsidwe msanga. Munthu wolumidwa kapena kukandidwa ndi galu wokayikitsa, ngakhale kagalu kakang'ono, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.